Kalata Yoitana Elia

Timu yathu ya Njuchi za ku Dzoole inakhala yamasiye m'mwezi wa Juni, pamene a Timothy, amene anaiphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi, anasamutsidwa kukakhala ahedi pasukulu ina ku Salima. Munthuyo sanalakwe kanthu, anangokwezedwa pantchito, koma ife masapota tinakwiya ngati watibera. Ligi ya m'boma inali itatsala milungu isanu kuti iyambe, ndipo anyamata ankangobwera pabwalo kudzakangana za amene ayambe kumenya penate.

Ine ndine Obed, mlembi wa komiti ya masapota, komanso mkulu wa mpingo kwathu kuno. Maudindo awiriwa ndawatchulira pamodzi dala. M'komiti yathu ya anthu asanu ndi anayi, asanu ndi awiri ndife akulu a mpingo, ndipo sitidziwa njira ina yosakira munthu kupatula imene timasakira abusa. Kumpingo kwathu mbusa safunsira ntchito. Anthu amakhala pansi, kupemphera, kutchula maina, kuponya mavoti, kenako kulemba kalata yoitana amene wapambanayo. Woitanidwayo amapatsidwa milungu itatu yoti aganize ndi kupemphera, ndipo yankho lake limabwera m'kalata yomata, yoti itsegulidwe pamaso pa onse. Choncho a Elifala, wapampando wathu, atanena kuti kochi timusaka chimodzimodzi, palibe wa ife anaona chachilendo.

Tinakumana Loweruka masana m'chigafa cha a Elifala, poti fodya anali atapita kale ku okushoni ndipo malo analimo. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene amabwera pamsonkhano wokonza mlatho. Ena anakhala pa njerwa, ena anatsamira nsanamira, amayi anayala zitenje kumbali ya kudzuwa.

Dzina loyamba linali la Godwin, mnyamata wa kwathu konkuno amene anakachita kosi ya ukochi ku Lilongwe n'kubwerako ndi satifiketi. Mwanayu analakwa chinthu chimodzi. Atangomva kuti a Timothy akusamuka, analemba kalata yofunsira ntchito n'kuitumiza pagulu lathu la pafoni, pamodzi ndi chithunzi chake atavala wezulo m'khosi. Achinyamata anaombera m'manja, koma akuluakulu zinawanyansa. A Elifala anati munthu wodzitchula yekha dzina ndi woopsa, chifukwa tsiku lomuchotsa adzadzitchulanso yekha. Godwin anayankha mwaulemu ndithu kuti bwalo la mpira si guwa, ndipo matimu a dziko lonse amalengeza ntchito anthu n'kufunsira. Wina kumbuyo anamufunsa ngati matimu a dziko lonsewo anabwerapo kudzasewera pa Dzoole.

Dzina lachiwiri linali la mkulu wina wa ku Mponela amene timu yake siigonja pakhomo. Aliyense amadziwa chifukwa chake, ndi zimene amakwirira pansi pa golo Lachisanu lililonse. Akulu a mpingo tinaimirira mmodzimmodzi kudzudzula zimenezo, mavesi ali pakamwa, mpaka amene anatchula dzinalo anazemba n'kukaima panja.

Kenako anaimirira mayi Faines. Mayiwa amagulitsa zitumbuwa pabwalo, ndipo ndi amene amayambitsa nyimbo timu ikamasewera, moti pa nkhani ya mpira mawu awo amalemera kuposa a ife ovala majekete. Anati mwezi watha anapita ku maliro ku Ntchisi, kuseri kwa boma, ndipo pobwerera anaima pasukulu ina kuonera mpira. Alimi a mbatatesi, ena opanda ndi jombo zomwe, anathira timu ya paboma zigoli zinayi kwa duu. Chimene chinawadabwitsa si zigolizo, koma kochi wa alimiwo, amene anakhala pachitsa mpira wonse osakuwa ngakhale kamodzi. Atayandikira anamuzindikira. Anali Elia.

Achinyamata sankamudziwa, koma ife a imvi tinayang'anizana. Elia anali mnzanga wa paubwana. Tinkasewera timu yomweyi ya Njuchi, iye kutsogolo, ine wotchinga kumbuyo. Sindinaonepo munthu wina wosewera mpira ngati iye, ngakhale awa timawaonera pa kanemawa. Mu 1996 panamveka kuti akuluakulu a timu ina ya ku Lilongwe abwera Loweruka kudzamuona. Lachinayi lake, pa zokonzekera, mwendo wake wamanzere unathyoka pawiri m'munsi mwa bondo. Amene anauthyola ndine.

Dzoole yense amadziwa kuti inali ngozi. Elia mwini wake ndiye ananena choncho ali gone m'ngolo popita kuchipatala ku Madisi, ndipo anabwereza mawu omwewo kwa aliyense wokamuzonda. Madokotala anayesetsa, koma mwendo unapola mokhota, mpira n'kuthera pomwepo. Patapita chaka anakwatira ku Ntchisi n'kukhala chikamwini komweko. Kuno anabwerako kamodzi, pa maliro a mayi ake, tsiku limene ine ndinadwala mutu wabodza.

Koma siinali ngozi. Tsiku limenelo anandipyoletsa mpira pakati pa miyendo katatu, atsikana ochokera kumjigo ataima ndi ndowa pamutu n'kumaseka. Kachinayi ndinalowa ndi miyendo yonse iwiri mpira utapita kale, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita. Kwa zaka 28 ndinakhala nacho chinthu chimenechi ndekha, ndikugawa mgonero kwa anthu ondilemekeza, ndikuweruza milandu ya anzanga kubwalo la mpingo. Ndinkakhulupirira kuti ngakhale Elia sakudziwa, ndipo ndinkafuna zikhale choncho mpaka manda.

Ndiye m'chigafa muja ndinasanduka loya wa Godwin. Ine yemwe amene dzulo lake ndinkati mwanayu ndi wodzikuza, ndinalankhula mpaka thovu kukamwa. Ndinati nthawi zasintha, mpira wa lero ndi wa masatifiketi. Ndinati Ntchisi ndi kutali, komanso munthu wa zaka zathuzi sangasiye munda wake. Mkwiyo utandikwera ndinanenanso chinthu chimene mpaka lero ndimachita nacho manyazi, ndinati munthu woyendera ndodo angaonetse bwanji anyamata kathamangidwe.

Mayi Faines anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "A Obed, inu miyendo muli nayo iwiri yabwinobwino. Mwaphunzitsapo ndani?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nsanamira. A Elifala anatseka mtsutso ndi pemphero, ine n'kung'amba timapepala m'kope langa. Mavoti tinaponya m'chipewa chawo, ndipo ndinawawerenga mokweza mayi Faines ali pa phewa langa ngati akundikayikira. Elia anapeza 41, Godwin 29. Mkulu wa ku Mponela uja anapeza asanu ndi limodzi, ndipo poti ndine mlembi ndimadziwa kalembedwe ka anthu, anayi mwa mavotiwo anali a akulu a mpingo anzanga.

Ndinayesa kuthawa komaliza. Ndinati timuimbire foni, kapena kalatayo tipatsire wa kabaza. A Elifala anakana, anati kandimverere anakanena za m'maluwa, kalata yoitana munthu imapita ndi dzanja la mlembi. Anawonjezera kuti palibe woyenera kuposa ine, poti ndinali mnzake wa ponda apa nane ndipondepo.

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa. Ndinakwera minibasi mpaka pa Mponela, matola mpaka paboma pa Ntchisi, kenako njinga yamoto imene inandikweza zitunda mpaka msana kuwawa. Kwathu ku Dzoole timati tili ndi mapiri, koma kumeneko ndinaona kuti athuwa ndi zulu chabe. Msewu unkakhota pamwamba pa zigwa zakuya, minda ya mbatatesi itapachikika m'mbali mwa mapiri, ndipo patsogolo nkhalango inali bii, mutu wake uli m'mitambo. Mphepo inkalowa m'jekete ngati mulibe kanthu. Katatu konse ndinaganiza zong'amba kalatayo n'kukanena kuti munthu wakana, koma ndinkakumbukira kuti a Elifala adzafuna yankho lolemba ndi dzanja la mwini wake.

Ndinafika cha m'ma 3 koloko. Mkazi wa Elia, mayi Margareta, anandilandira ndi madzi akumwa n'kundilozera njira ya kusukulu, anati bambo ali kubwalo ndipo sabwerako mpaka dzuwa litapendeka. Dzuwa lake liti sindinadziwe, chifukwa pamene ndinkatsika kanjirako chifunga chinali chitatsika m'phiri, dziko lonse lili mbuu, moti munthu wa pa mapazi khumi sumamuona.

Mpira ndinayamba kuumva ndisanauone. Phu apa, phu uko, kenako phu kumunsi kwenikweni. Chimene chinandiimitsa n'chakuti panalibe mawu a munthu. Kwathu zokonzekera zimamveka ngati tsiku la msika, aliyense akukuwa kuti apatsiridwe, wina akutukwana mnzake. Kuno kunali zii, kupatula mapazi ndi mpirawo.

Ndinaima pamzere wa m'mbali. Bwalolo linali lopendekeka, golo limodzi kumtunda, lina kumunsi, loti mpira ukausiya wokha umayamba ulendo. Ndili chiimire, mpira unatulukira m'chifunga ukugubuduka kulunjika pamalo opanda munthu, pafupi ndi ine. Ndinati wasochera, ndipo ndinatambasula phazi kuti ndiuimitse. Nthawi yomweyo munthu balamanthu kuchokera m'chifungamo, ali pa liwiro, anakumana nawo ndendende osachepetsa sitepe, anaumenya kamodzi kuubwezera koyerako, iye n'kuzimiriranso. Ndinamvetsera. Kumunsi, kumene maso sakanafika, phazi lina linaulandira.

Elia ndinamupeza kumtunda kwa bwalo atakhala pachitsa, mwendo wokhota uja atautambasula, ndodo ili pambali. Tsitsi linali litayera, koma mutu anaupendeketsa monga ankachitira kale akamadikira mpira wa pakona. Anandiyang'ana kamodzi, osadzidzimuka, ngati tinasiyana dzulo.

"A Obed, mwafika. Khalani mbali iyi, uko mukunditchinga khutu."

Ndinakhala pa udzu wonyowa. Moni weniweni sitinapatsane, chifukwa iye anali pantchito. Ankayankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha. Anati uyo ndi Lonjezo, wamenya ndi kunja kwa phazi. Anati tsopano upita kumanzere, ndipo unapitadi kumanzere. Ine maso ndinali nawo tong'o, koma sindinkaona kanthu koma utsi woyera. Patapita kanthawi anagwedeza mutu, anati Blessed wachedwa ndi phazi limodzi, n'kuimba wezulo kamodzi. Mpira unaima. M'chifunga munatuluka bambo wandevu, wamkulu thupi, manja ali kumbuyo, n'kupepesa kuti anaterereka podzuka. Elia sanamukalipire, anangomuuza kuti abwerere paphando lake ayambirenso.

Mawu akuti phando ndi amene anandichititsa kufunsa. Anandifotokozera mpira ukupitirira. Anati kuno nyengo yozizira chifunga chimatsika masiku ambiri, ndipo akanati azidikira kuti kuyere, bwenzi timu ikukonzekera kawiri pamwezi. Ndiye anabwereka zingwe zobzalira chimanga, zija timamangirira zitsekerero za mabotolo kuti mapando atalikirane mofanana, n'kuziyala pabwalo lonse masiku owala. Munthu aliyense anaphunzira mapando ake, kuti mpira ukakhala pakuti, iye akhale pakuti. Anati awa ndi anthu obzala ndi chingwe chaka ndi chaka, miyendo yawo imadziwa mtunda kuposa maso. Mpira saponyera munthu, amaponya paphando, ndipo ndi udindo wa mwini phandolo kukapezekapo. Zingwezo anazichotsa kalekale, zinatsala m'mitu mwawo.

Ndinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, kuzizira osakumva. Ndakhala pa mpira moyo wanga wonse, ndasewera, ndakuwa, ndatukwanapo oyimbira, koma sindinkadziwa kuti mpira ungakhale chinthu chotere. Ndinachita mantha, mantha aja amakugwira m'tchalitchi nyimbo ikakhala bwino anthu onse n'kupumira pamodzi. Nthawi ina mphepo inang'amba chifungacho pang'ono, ndipo ndinawaona onse khumi ndi anayi atamwazikana pachitundapo, aliyense pamalo pake, akusuntha pamodzi ngati wina wawakoka ndi ulusi umodzi. Kuseri kwawo mapiri anaonekera, mzere pa mzere mpaka cha kwathu ku Dowa. Kenako kunatsekanso.

Pamenepo m'pamene chinthu china chinandilowa m'mutu. Munthu uyu akumva ndi khutu, m'chifunga, kuti bambo amene ali kutsidya kwa bwalo wachedwa ndi phazi limodzi. Nanga Lachinayi lija, dzuwa lili phwee, ine ndikubwera patsogolo pake penipeni, akanalephera bwanji kudziwa?

Osewera atamwazikana, aliyense akudzagwira Elia chanza ndi manja awiri, ndinatulutsa kalata. Anaiwerenga kawiri, pang'onopang'ono, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anafunsa ngati a ku Dzoole amuyesa mbusa, ndipo ngati akafika adzamulandira ndi kwaya. Komabe anaipinda bwino n'kuiika m'thumba la malaya, anati mwambo ndi mwambo, ayankha pakatha milungu itatu monga talembera. Anagwira ndodo kuti adzuke. Ndinaona mmene amadzukira, kuyamba wagwadira mbali, dzanja pachitsa, nkhope itakwinyika, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Elia, tsiku lija."

Anakhalanso pansi.

"Siinali ngozi," ndinatero. "Ndinachita dala."

"Ndikudziwa," anayankha. "Mpira unali utapita kale. Iwe sunkayang'ana mpira, unkayang'ana mwendo. Ndinakuona ukubwera, kungoti sindinakhulupirire kuti ufikadi."

Ndinamufunsa chifukwa chimene ananamira kwa anthu onse, kuyambira m'ngolo muja. Anati m'ngolo muja atsibweni ake ankayenda pambali atagwira chikwanje, akufunsa kuti wachita ndani ndipo wachita bwanji. Akanangoti dala, nyumba ya mayi anga ikanapsa tsiku lomwelo, mwinanso ine sindikanaona Loweruka. Anati mwendo umodzi unali utathyoka kale, sanaone chimene chikanawongoka pothyola zina. Atanena kamodzi kuti ngozi, anayenera kunenabe, mpaka atsibweniwo anamwalira, ndipo pofika pamenepo ine ndinali ndi banja ndi udindo kumpingo.

Ndinayamba kunena za kukhululuka, koma anakweza dzanja.

"Usandiyese mngelo. Ndinakuda zaka zambiri, ndinkalephera ndi kutchula dzina lako. Zoti ndinakukhululukira usandifunse mwezi uno, chifukwa kukazizira chonchi mwendowu umandikumbutsa, ndipo masiku ena chikhululukocho ndimachibweza. Koma ndinanena kuti inali ngozi, ndipo pakamwa panga sipadzatuluka zina. Zotsalazo ndi zako."

Anadzuka, ndipo tinakwera kanjira kaja pang'onopang'ono, iye patsogolo, ine m'mbuyo. Anandifunsa za anthu a kwathu, amene ali moyo ndi amene anatisiya, ndiponso ngati bwalo lathu likadali ndi chulu chija pakona. Ndinagona kwawo, m'mawa mayi Margareta anandipatsa mbatatesi m'kathumba, n'kubwerera.

Milungu itatu imeneyo inali yaitali kwa Dzoole yense. Tinasewera mpira wopimana mphamvu ndi timu ina ya ku Madisi, anatithira zitatu. Achinyamata anati taonani zotsatira za kuyendetsa mpira ngati sinodi, akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Pa mjigo, pa chigayo, ngakhale pa maliro, nkhani inali yomweyo, avomera kapena akana. Ena ankati munthu wotere sangasiye timu imene anaiumba yekha. Mayi Faines ankati kwawo ndi kwawo, mchombo wake uli kuno. Godwin, popanda womutuma, anayamba kusonkhanitsa anyamata madzulo alionse, ndipo ndinene zoona, mwanayo ntchito ankaidziwa.

Anthu ankandifunsa zimene ndinaona ku Ntchisi. Ndikawauza za chifunga ndi zingwe zobzalira, ankati a Obed mwayamba kukometsa nkhani ngati mlaliki wa pamsika. Sindinawakakamize. Ine mtima wanga unali pena. Tsiku lina ndinkapemphera kuti akane, tsiku lina kuti avomere. Ngakhale anandilonjeza, ndinkaopabe kuti kuzizira kukamupweteka tsiku lolemba kalatayo, adzalemba zonse, ndipo woti adzaziwerenge mokweza pamaso pa anthu ndi ine ndemwe.

Kalata inafika Lachisanu ndi wa kabaza, yomata bwino, pamwamba atalemba dzina la wapampando. A Elifala anagona nayo osaitsegula. Loweruka m'chigafa munadzaza mpaka ena anaima panja n'kumasuzumira m'mipata ya udzu. Titapemphera, anang'amba envelopu pamaso pa onse n'kundipatsa pepala. Ndinaimirira n'kuyamba kuwerenga mokweza.

Inali yaifupi. Elia anapereka moni kwa onse, n'kunena kuti waganiza, wapemphera, wakambirana ndi mkazi wake ndi osewera ake, ndipo wavomera. Anati adzafika akakumba mbatatesi za kudimba, pasanathe masiku khumi, ndipo timu ya kumeneko aisiya m'manja mwa Lonjezo. Anapempha zinthu ziwiri. Choyamba, zingwe zobzalira khumi ndi ziwiri. Chachiwiri, anati wamva kuti kuli mnyamata wa satifiketi dzina lake Godwin, ndipo akupempha kuti akhale wothandizana naye, chifukwa iye pothamanga sangathe ndipo za m'mabuku sadziwa. Pansi pake panali dzina lake basi. Ndinatembenuza pepalalo, kuseri kunalibe kanthu.

Mayi Faines anayambitsa nyimbo, amayi n'kululutira. Achinyamata anamunyamula Godwin m'mwamba mpaka anagunda mutu pa mtanda wa chigafa. Ngakhale aja anavotera mkulu wa ku Mponela ankavina. Ine ndinapuma mpweya umene ndinausunga milungu itatu. Ndinali nditapulumuka, ndipo palibe akanadziwa mpaka kalekale.

Phokoso litatsika, a Elifala anaimirira kuti athokoze. Anayankhula bwino monga amachitira. Anati taonani ntchito za Mulungu, ngozi ija inatilanda wosewera, koma lero yatibwezera mphunzitsi. Anati akadzafika tidzamukhazike pansi awafotokozere achinyamatawa za ngozi imeneyo, kuti aphunzire kupirira. Anthu anavomera ndi mitu.

Ndinamuona Elia m'maganizo mwanga, atakhala m'chigafa chomwechi, mwendo atautambasula, akuuza ana athu kuti inali ngozi, ine ndili pambali pake ndi kope langa ndi jekete langa. Adzanena, ndinkadziwa, ndipo adzanenanso chaka chamawa, ndi chinacho, nthawi iliyonse wina akafunsa. Munthu ndinamuthyola mwendo, ndipo tsopano tinkamuitana kuti adzandisenzerenso bodza langa pakhomo panga pomwe. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

A Elifala anandiuza kuti ndikhale pansi titseke ndi pemphero. Sindinakhale.

"A wapampando, kalata yatha, koma ine ndili ndi mawu. Siinali ngozi. Elia ndinamuthyola dala."

Ndinanena zonse, za mpira wa pakati pa miyendo, za atsikana a ndowa, za miyendo yanga iwiri, za mutu wabodza tsiku la maliro, ndi chifukwa chimene ndinalimbikira dzina la Godwin. Sizinatenge nthawi. Zinthu zimene ndinazisunga zaka zonsezo zinatha m'mphindi zitatu. A Elifala anali atagwira chipewa pachifuwa, pakamwa pali yasa. Akulu a mpingo anzanga anayang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika kubwalo la mpingo sabata isanathe.

Amene anayamba kuyankhula ndi mayi Faines, ndipo mawu awo, aja amamveka kutsidya kwa dambo, anali aang'ono.

"Iyeyo akudziwa?"

"Wakhala akudziwa kuyambira tsiku lomwelo. M'ngolo muja ankadziwa."

"Ndiye wavomera kubwera? Akudziwa kuti mlembi ndi inu, azikuonani tsiku ndi tsiku?"

"Kalata yake ndi iyi, mayi."

Anailandira ndi manja awiri, ngakhale kuwerenga amavutika, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pa dothi pomwepo, chitenje osayala, dzanja lili pakamwa. Palibe anandikalipira, palibe anandigwira dzanja. Anthu sankayang'ana ine, ankayang'ana pepalalo.

Ndinaika kope la ulembi ndi cholembera patsogolo pa a Elifala. Anthu a pakhomo anapatuka kundipatsa njira, ndipo ndinatuluka kulunjika kunyumba, kuti mkazi wanga Roza amve kwa ine asanamve kwa ena.